Nkhope za Amayi Athu

Kuno ku Chiputula, nkhope ya munthu wamkazi imene aliyense amaidziwa ili pa ndalama. Ndikunena Amayi Rose Chibambo, amene chithunzi chawo chinaikidwa pa K200 m'chaka cha 2012. Iwowa anamangidwa ndi atsamunda mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964 anathawira ku Zambia, nabwerera kuno kumudzi mu 1994. Atamwalira mu 2016 anaikidwa muno mu Mzuzu. Tsiku ndi tsiku nkhope yawo imadutsa m'manja mwa amayi ogulitsa matimati ndi usipa. Koma amayi ogulitsawo anawajambula ndani?

Funso limeneli linandifikira nditaona m'buku zithunzi za Gwen John, mayi wa ku Wales amene anabadwira ku Haverfordwest mu 1876. Anaphunzira zojambula ku Slade, mu mzinda wa London, ndipo mu 1904 anakakhazikika ku Paris. Mlongo wake, Augustus John, ndiye anali wotchuka masiku amenewo chifukwa ankajambula anthu omveka. Gwen ankajambula akazi wamba ndi utoto wa mafuta: mtsikana atakhala pampando manja ali pamiyendo, wina akuwerenga kalata, wina atanyamula mphaka. Mtsikana mmodzi wa ku Meudon anamujambula mobwerezabwereza, ndipo dzina lake silidziwika mpaka lero. Anajambulanso masisitere a kumeneko. Utotowo ndi wosawala, akaziwo sakumwetulira, ndiponso sakuyesa kukondweretsa munthu. Angokhala phee monga eni ake a moyo wawo. Gwen anamwalira ku Dieppe mu 1939, koma nkhope zija zikusungidwabe ku Cardiff ndi ku London.

Agogo anga aakazi anavina m'gulu la mbumba zaka zambiri. M'sutikesi mwawo tinapezamo zitenje zitatu zokhala ndi nkhope ya Dr Kamuzu Banda. Chithunzi cha iwo eni tinachifuna osachipeza. Nkhope ya mwamuna anaivala pachifuwa ndi kumsana, pomwe yawo inapita nawo kumanda. Ine ndimakumbukira mphini za pamasaya pawo, koma adzukulu anga ndidzawaonetsa chiyani?

Wina adzati lero aliyense ali ndi foni yojambulira. Inde, koma chithunzi cha pafoni chimatengedwa m'kuphethira kwa diso, ndipo foniyo ikabedwa chapita. Wojambula ndi utoto amakhala pamaso pa munthu masiku ambiri, kumuyang'ana mpaka atamudziwa. Ulemu wagona pa kuleza mtima kumeneko.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tsono anzanga amene muli ndi luso m'manja, musadikire kuti mayi ayambe walawa ndende kapena walowa ku Nyumba ya Malamulo. Pitani kumsika, mukapemphe mayi mmodzi kuti akhale pansi, mumujambule. Mukatha, mulembe dzina lake kuseri kwa chithunzicho.