Pamwamba pa Matanthwe a ku Cape Maclear

Kwa zaka 34 ndinkaimirira pa bolodi kuphunzitsa ana za Nyanja ya Malaŵi. Ndinkajambula ndi choko kamtunda kaja koloŵa m'nyanja chakummwera, n'kulemba pambali pake kuti Cape Maclear. Ana ankaloŵeza kuti dzinali anatcha ndi David Livingstone polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, ndiponso kuti amishoni a ku Scotland anafikapo pa sitima ya Ilala m'chaka cha 1875. Chimene anawo sankadziŵa n'chakuti mphunzitsi wawo, mwana wakumtunda, anali asanapondeko.

Manyazi ameneŵa ndinakawachotsa mu Ogasiti 2019, nditapuma pa ntchito. Ndinatengana ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3, ndipo tinagona m'mudzi wa Chembe. Nyengo yachisanu inali kumapeto. M'mamaŵa kunkazizirabe, ndipo mphepo ya mwera inali isanaleke kuvutitsa asodzi. Malambe anali atayoyola masamba onse, udzu utauma gwa.

Tinaloŵa m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, limene linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha nsomba zake. Tinayamba taima pa manda a amishoni. Ndinavula chipewa. M'kalasi ndinkangonena mwachidule kuti malungo anawasamutsira ku Bandawe mu 1881, chiganizo chimodzi chokha cha pa mayeso. Koma poŵerenga dzina la Dokotala William Black, amene anamwalira mu 1877 asanakhalitse n'komwe, chiganizo chija chinandilemera pakamwa.

Mnyamata wotiperekeza anathyola ndodo n'kundipatsa. Ndinaikana. Ndinati ine ndinakulira m'mapiri, sindingaphunzitsidwe kuyenda ndi mwana wa kunyanja. Iye sanayankhe, koma ndodoyo sanaitaye.

Njira yokwera pamwamba pa Otter Point ndi yopapatiza, yokhotakhota pakati pa miyala ikuluikulu ngati nyumba. Masamba ouma a nyengo imeneyi amaterera kuposa matope a mu Januwale. Anyani ankatiyang'ana ali phee, ndipo mbira zinkathaŵira m'ming'alu. Posakhalitsa mpweya unayamba kundiperewera, maondo akunjenjemera. Pamalo ena pamene njira imalambalala thanthwe, phazi langa linaterereka. Ndinagwa chagada n'kutsetsereka pang'ono, mpaka chitsamba chinandigwira. Pansi panga, kutali ndithu, madzi ankaomba miyala.

"Agogo, tiyeni tibwerere," anatero mdzukulu wanga, mawu akunthunthumira.

Ndinakhala pansi nthaŵi yaitali, chigongono chikutuluka magazi. Kunena zoona, sikugwa kumene kunandiŵaŵa, koma kuona mantha pankhope ya mwana amene ndinamutenga kuti ndikamuphunzitse. Ndinatambasula dzanja osalankhula, ndipo woperekeza uja anaikamo ndodo ija.

Tinafika pamwamba dzuŵa litakwera. Chilumba cha Thumbi chinali pafupi ngati munthu angachiponyere mwala, cha Domwe kudzanja lamanja, ndipo cha Mumbo chinkaoneka patali m'kachifunga. Utsi wa moto wa tchire unali utabisa mapiri a kutsidya. M'mphepete mwa miyala madzi anali oyera mbee, kotero kuti pansi pake pankaoneka. M'menemo ndimo mukhala mbuna, tinsomba ta maŵangamaŵanga timene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nkhwazi inalira chapansi pathu. Ndinali ndisanaonepo mbalame ikuuluka ine ndili pamwamba pake.

Mdzukulu wanga anafunsa chifukwa chimene mabwato anali ochepa pa nyanja. Ndinatsegula pakamwa monga mwa chizoloŵezi cha mphunzitsi, koma woperekeza anandiyambirira. Anafotokoza kuti mwera ukalusa asodzi amakoka mabwato kumtunda n'kumasoka makoka, ndipo a usipa amadikira usiku wabata kuti apite ndi nyali. Zimenezi m'buku langa la Jogalafe munalibe.

Potsika ndinali pambuyo penipeni, ndodo ili m'manja. Titafika kugombe ndinafuna kuibweza, koma mwini wake anaseka nati ndipite nayo. Ili kuseri kwa chitseko cha chipinda changa mpaka lero.