Bart sakula, koma ana athu amakula



Sabata yatha ndili kwathu ku Biwi ndinapeza mdzukulu wanga akuonera The Simpsons pafoni. Katuni imeneyi, yomwe anaiyambitsa Matt Groening, inayamba kuonetsedwa pa Fox ku America pa 17 December 1989. Papita zaka zoposa 35, koma kamnyamata kovuta kaja, Bart, kakadali ndi zaka 10. Magawo ambiri amayamba Bart ali pabolodi, akulemba chiganizo chimodzimodzi kambirimbiri ngati chilango. Mdzukulu wanga anaseka. Ine ndinangoti chete.

Kuno kwathu TVM itayamba mu 1999, chathu chinali Tikuferanji. Tinkadzazana m'nyumba imodzi yokhala ndi kanema, ena pazenera, kuonera Manganya akutiseketsa kwinaku akukamba za Edzi imene ambiri tinkaopa kuitchula. Koma Manganya ndi munthu, zaka zimamuyendera. A Michael Usi omwewo mu 2024 anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Bart akadali m'kalasi yomwe ija.

Zaka zimenezo ndinali ndi mnyamata wina wa ku Mgona mu Fomu 2. Anzake amene ankaonera DStv kwa achibale anamupatsa dzina loti Bart chifukwa cha nthabwala zake. Ankachedwa tsiku lililonse, masana n'kumawodzera. Ine mankhwala anga anali amodzi: alembe ka 100 kuti sadzachedwanso. Sindinamufunsepo chifukwa chake. Ndinadzamva mochedwa kuti mbandakucha uliwonse ankasenza katundu wa anthu kumsika kuti apeze fizi. Mayeso a JCE sanalembe.

Chaka chatha kudepoti munthu wina wa imvi zapatalipatali anandilandira chikwama. "Sala, mwandiiwala? Ndine Bart uja." Anaseka kwambiri, n'kundipezera mpando wakutsogolo mu minibasi. Mawu anandithera.

Pa katuni, Bart akalakwa, sabata yotsatira zonse zimayambiranso bwinobwino. M'kalasi mwathu sizitero. Teremu ikapita yapita, mwana amakula nazo.

Masiku ano mwana akachedwa ndimayamba ndamufunsa kuti wadzuka nthawi yanji, ndipo wadya chiyani. Aphunzitsi anzanga, choko chisanafike m'manja mwa mwana, funsani kaye.

Iwe Bart wa ku Mgona, ukadzawerenga izi, ndikhululukire mwana wanga.