Mpira wasanduka dzira: zolemba za monita yatsopano

Loweruka madzulo

Monita yafulati yafika. Ndi yakaunjika, ya mainchesi 22, ndipo kuchokera ku Limbe ndangoipanira m'khwapa n'kukwera nayo minibasi. Yakale ija, ya mainchesi 17, ya chimimba kumbuyo, kuti ichoke patebulo tachita kuthandizana ndi msuweni wanga.

Chandichititsa kuigula kwenikweni ndi magetsi. Akathima timadalira batire ndi inveta, ndiye monita yakale inkameza moto wopitirira mawati 70, pomwe iyi imangofunika 20 ndi kenakake. Komanso inkatentha. M'mwezi wa Okutobala ukaika dzanja pamwamba pake, pa timabowo tija, unkamva mpweya wofunda ukutuluka.

Nditayatsa, zilembo zinaoneka zonenepa ndi zachimbuuzi. Windows inali ikutumizabe chithunzi cha 1024 x 768. Nditasintha kupita pa 1920 x 1080, zonse zinangoti mbee. Sindinaonepo zilembo zakuthwa chonchi m'nyumba muno.

Lamlungu

Ndatsegula Pro Evolution Soccer 6, gemu ya 2006 imene timaikondabe pano, ndipo mtima unangoti zii. Mpira wasanduka dzira. Osewera onse afupika n'kunenepa, bwalo la pakati pa galaundi lachita kutamuka cham'mbali. Mu Need for Speed Most Wanted, ya 2005 ija, namonso chimodzimodzi: matayala ndi mita ya liwiro zonse zaphwatalala.

Chifukwa chake ndachimvetsa. Monita yakale inali ya 4:3, kutanthauza kuti m'lifupi mukakhala magawo 4, msinkhu ndi magawo 3. Yatsopanoyi ndi ya 16:9. Magemu a nthawi imeneyo ambiri anapangidwira 4:3, ndiye monita imangogwira chithunzicho n'kuchikoka kuti chidzaze galasi lonse. Msuweni wanga akuti, "Aise, ingozolowera, bola chadzaza." Ine ayi. Amene anajambula osewera aja sanawajambule choncho, ndipo ukamenya pasi yodutsa pakati pa oteteza, maso amayeza mtunda molakwika.

M'mabatani a monita muli posankha pakati pa kudzaza galasi ndi kusunga 4:3. Ndasankha kusunga. Tsopano kumanzere ndi kumanja kwatsala mizere iwiri yakuda, koma mpira wabwerera kukhala wobulungira. Ndinatenga tepi ya telala n'kuyeza. Chithunzi chapakaticho ndi chachitali masentimita pafupifupi 27, pomwe pa monita yakale galasi looneka linali pafupifupi 24, chifukwa pa mainchesi 17 aja inchi imodzi inkabisala m'pulasitiki. Ndiye ngakhale ndi mizere yakudayo, chithunzi chakula ndithu.

Lachiwiri

GTA V inkayenda bwinobwino pa monita yakale. Lero pa 1920 x 1080 ikuchita kudukiza, galimoto ikamakhota chithunzi chimaima kaye. Ndinapita kwa bambo wina wokonza makompyuta pafupi ndi msika.

"Achimwene, kompyuta yanu sinadwale," anatero. "Mwangoisenzetsa katundu wina. Tawerengani timadontho."

Tinawerengera pa foni. Chithunzi cha 1024 x 768 chili ndi timadontho 786,432. Cha 1920 x 1080 chili nato 2,073,600. Graphics card yanga, GeForce GT 730, ikuyenera kupenta timadontho tochuluka kuwirikiza koposa kawiri ndi theka, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Mphamvu zake ndi zomwe zija.

Anandifotokozeranso chinthu chimene ndakhala ndikuchiganizira njira yonse. Monita yakale inalibe nambala imodzi yokhazikika ya chithunzi. Kumbuyo kuja, m'chimimba muja, muli kachida kamene kamawombera ma electron pagalasi mzere ndi mzere, ndiye ukaipatsa 800 x 600 imajambula bwino, ukaipatsa 1024 x 768 imajambulanso bwino. Yafulati ili ndi timadontho toikiratu, tosasuntha. Ukaipatsa chithunzi chaching'ono, imachita kuchigawagawa pa timadontho tambiri, n'chifukwa chake chimaoneka cha nkhungu. Choncho chinyengo chathu chakale chija, chotsitsa chithunzi kuti gemu ithamange, pano chili ndi mtengo wake.

Ndaika GTA V pa 1280 x 720. Ndi 16:9 yomweyo, palibe chotamuka, timadontho 921,600 basi. Chafewa pang'ono m'mphepete mwa nyumba ndi mawaya a magetsi, koma galimoto ikuyenda.

Lachinayi

Ndachotsa chingwe cha VGA, cha mutu wa buluu chija cha timano 15, n'kuika cha HDMI. Kunjenjemera pang'ono kumene kunali pa zilembo kwatheratu, ndipo batani la Auto la pa monita silikufunikanso.

Lachisanu usiku

Lero ndilembe zimene ndikuzisowa, chifukwa zilipo ndipo palibe anandiuza ndisanagule.

Choyamba ndi mdima. Pa monita yakale, malo akuda anali akuda zenizeni, chifukwa pamenepo galasi silinkayaka. Yafulatiyi ili ndi nyali kumbuyo yosazima, ndipo timadontho timangoyesa kuitchinga. Usiku, nditazimitsa getsi la m'chipinda, ngalande za mu Counter-Strike 1.6 zikuoneka zotuwa, ndipo pakona ya m'munsi pali kuwala kodontha. Ndatsitsa kuwala kufika pakati, kwachepako, maso nawonso asiya kuwawa.

China ndi kuyenda kwa chithunzi. Yakale ndinkaiyendetsa pa 85Hz, iyi imathera pa 60Hz. Ukaima chilili, yatsopano ndi yokongola kuposa. Koma ukatembenuka msanga ndi mausi, khoma ndi zitseko zimapakana, ndipo munthu wothamanga amasiya kachithunzithunzi kumbuyo kwake. Timadontho ta galasi lamtunduwu timatenga kanthawi kuti tisinthe mtundu, ndipo chithunzi chilichonse chimakhala chiyakire mpaka chinzake chifike. Ndinkaganiza kuti chatsopano chimapambana chakale pa zonse. Pa liwiro lokha, chimimba chija chinali patsogolo.

Msuweni wanga naye wadandaula. Iye amakonda kukhala pansi, pamkeka, ine pampando. Kuchokera pansipo akuti kumtunda kwa galaundi kukuda, majezi ofiira akuoneka ngati a khofi. Galasi ili ndi la mtundu wa TN, lotchipa, limene limafuna uliyang'ane maso ndi maso. La IPS silisintha mitundu chonchi. Kwa munthu wosewera yekha si nkhani, koma kuno mpira timasewera awiri, ena atatu ataima kumbuyo kudikira wogonja. Ndaweramitsa monita pang'ono ndipo ndamupezera mpando.

Loweruka

Tsopano ubwino wake weniweni. Taika FIFA 14, imene imadziwa 16:9. Kwa nthawi yoyamba ndikutha kuona wosewera wanga wakutsogolo akuyamba kuthamanga mpira ndisanautulutse pakati. Kale ndinkadalira kamapu kakang'ono kapansi kaja, lero ndikumuona iye mwini, ndi woteteza amene akumutsatira. Kasewero kanga kasintha, ndikuponya mipira yaitali imene kale sindinkayerekeza. Apa ndiye ndalama yanga ndaiona.

Si gemu iliyonse imene imawonjezera m'mbali. Zina zimadula kumwamba ndi pansi kuti chithunzi chikwane, ndiye umaona zochepa kuposa wa monita yakale. BioShock itatuluka mu 2007 anthu anadandaula za zimenezi, mpaka opanga ake anaikamo posinthira. Njira yoyesera ndi yosavuta: ndimaima malo amodzi m'gemu, n'kusintha kuchoka pa 4:3 kupita pa 16:9, n'kuona ngati mtengo umene unali m'mphepete wabwera ndi unzake.

Chatsala ndi mzere wina wopingasa umene umadula chithunzi pakati ndikatembenuka, theka lam'munsi kutsogola, lakumwamba kutsalira. Umabwera kompyuta ikatumiza chithunzi chatsopano monita isanamalize kuonetsa chinzake. Ndikayatsa V-Sync mzerewo umatha, koma mausi imalemera, dzanja limapita kaye mfuti n'kumatsatira. Pakadali pano mu mpira ndi m'magalimoto ndayatsa, mu Counter-Strike ndazimitsa. Mawa ndiyesa kuika malire a zithunzi pa sekondi, ndione ngati mzerewo ungachepe popanda kulemeretsa dzanja.