Sefa yanga ndi ya maso aakulu

Ntchito yanga ndi kukonza mafomu a pa tabuleti. Ndimakhala kuno ku Kasina, m'boma la Dedza, ndipo amene amandipatsa ntchito ndi magulu a alimi a kachewere ndi nyemba, mabanki a m'mudzi, ndi mabungwe amene amatuma achinyamata khomo ndi khomo kukafunsa mafunso a kafukufuku. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya KoboToolbox kapena ODK. Funso lililonse limakhala ndi mzere wake mu Excel, ndipo pambali pake pali danga lolembapo lamulo loti yankho lizitsatira. Pa funso la imelo, lamulolo timalilemba mu regex.

Regex ndi sefa. Umalemba kaonekedwe ka mawu amene ukufuna, kompyuta n'kumadutsitsa zokhazo zogwirizana nako. Nzeruyi inachokera kwa katswiri wa masamu Stephen Kleene m'zaka za m'ma 1950, ndipo Ken Thompson ndiye anailowetsa m'mapulogalamu osakira mawu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Yanga ya imelo ndi kachidutswa aka: ^[^@\s]+@[^@\s]+\.[^@\s]+$. Ikunena kuti payambe zilembo zopanda mpata pakati, pabwere @ mmodzi yekha, zilembo zina, kadontho, ndi zilembo zotsekera. Basi.

Anzanga a ku Lilongwe akaiona amapukusa mutu. "Achimwene, imeneyi ndiye idutsitsa ndi gaga yemwe." Sindikana. Koma taonani zimene imachita sefa yothina ija imene ambiri amangoikopera pa intaneti. Imalola zilembo, manambala, kadontho ndi kamzere, ndipo kumapeto imafuna zilembo ziwiri mpaka zinayi. Wolemba wake sanakumanepo ndi a Ng'oma kapena a Ng'ambi. Nkhodolero ya mu ng' ija malamulo a imelo, amene ali m'chikalata cha RFC 5322 cha 2008, amailola bwinobwino kumanzere kwa @. Gmail siyipereka kwa anthu wamba, n'zoona, koma maofesi okhala ndi imelo yawoyawo amatha kupangira munthu adiresi dzina lake lili momwe amalilembera. Munthu ameneyo akafika pa fomu yothina amauzidwa kuti adiresi yake ndi yolakwika, chonsecho ndi yomwe amalandirirapo makalata m'mawa uliwonse.

Kumanja kwa @ nakonso kuli mbuna. Maadiresi ambiri a kuno amathera ndi ac.mw, gov.mw, org.mw kapena co.mw, ndiye timadontho timakhala tiwiri, pomwe sefa zina zimayembekezera kamodzi. Nanga .africa, imene inatsegulidwa mu 2017? Zilembo zisanu ndi chimodzi, sefa ya zinayi yaikana kale.

Wina anganene kuti ndilembe regex yotsatira malamulo onse. Ilipo, inalembedwa kalekale m'chilankhulo cha makompyuta cha Perl, ndipo ndi ya zilembo masauzande. Palibe amene angaiwerenge n'kupeza pamene yaphonya. Ngakhale akatswiri olemba malamulo a HTML, chilankhulo cha masamba a pa intaneti, anaitaya njira imeneyo, nalemba poyera kuti lamulo lawo la imelo likusemphana ndi RFC 5322 mwadala. Komanso regex yopotanapotana imatha kudya mphamvu zonse za makina. Pa 2 July 2019 mzere umodzi wotere unagwetsa makina a kampani ya Cloudflare kwa mphindi 27, masamba ochuluka a pa intaneti n'kuzimiratu. Nanji tabuleti ya batire yotha ili kumunda.

Zolakwika zimene ndimakumana nazo ine sizichokera m'zikalata za malamulo. Zimachokera ku zala. M'mwezi wa July kuno kumazizira kosaseweretsa, mtsikana wa kafukufuku wakhala pakhonde, chitenje wafunda mpaka m'makutu, galasi la tabuleti ndi long'aluka pakona. Pofuna kadontho chala chimagwera pa koma, poti ziwirizi zimayandikana. Makina olosera mawu amamuikira mpata kumapeto iye osaona. Kenaka pamabwera gmial.com, gmail.con, gamil.com. Zitatu zomalizazi sefa iliyonse, yothina ndi yotakasuka yomwe, imazidutsitsa mosangalala, chifukwa kaonekedwe kake n'kabwino ndithu. Choncho mpata wa kumapeto ndimauchotsa mwakachetechete, osavutitsa munthu, ndipo pa gmial fomu imangofunsa kuti, "Kodi mumafuna kulemba gmail.com?" Imafunsa, siyitseka njira. Umboni weniweni woti adiresi ili ndi mwini wake ndi umodzi wokha, kutumizako uthenga iye n'kuyankha, ndipo zimenezo zimadikira mpaka tabuleti itapeza netiweki madzulo.

Mkangano waukulu umakhala ndi eni ntchito. Amafuna funso la imelo likhale lokakamiza, fomu isapitirire popanda yankho. Ndimawafotokozera mmene zilili kuno. Alimi ambiri okhala ndi foni ya WhatsApp ali nayo adiresi ya Gmail, koma anawapangira ndi mnyamata wa pa shopu tsiku logula foni kuti Play Store itseguke. Sanaitsegulepo, pasiwedi anaiwala asanafike n'kunyumba komwe. Enanso ambiri ali ndi foni za mabatani, ndipo ena foni ndi ya mwana wawo. Ukakakamiza, wofunsa mafunso sangabwerere chimanjamanja ganyu yake ikuwerengedwa pa fomu. Amalemba adiresi yake yomwe pa anthu onse a m'mudzimo, kapena aaa@aaa.com, sefa n'kuvomera. Ku ofesi amaona danga lililonse lodzaza, amakondwa, mpaka tsiku lotumiza uthenga.

Kumene ndimathinitsako pang'ono ndi pa nambala ya foni, poti imeneyo ndiyo adiresi imene anthu kuno amaidziwa pamtima, ndipo ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zimadzera pomwepo. Manambala khumi kuyambira ndi 0, kapena asanu ndi anayi pambuyo pa +265. Komabe sindilemba kuti iyambe ndi 088 kapena 099 basi. Mafomu amene analembedwa motero anayamba kubweza anthu pamene manambala a 098 anafika, ndipo ndinakhala ndikulandira ganyu yowamasula. Yanga imangoona kuti pambuyo pa 0 pali 8 kapena 9, n'kuwerenga kutalika kwake. Kenaka fomu imamuuza wofunsayo kuti aimbe nambalayo pomwepo, mwini wake ali pafupi, amve ngati foni yalira.