Malangizo a pansi pa mtengo ku Mchengautuwa

Dzina loti Mchengautuwa ndi la Chitumbuka, ndipo limatanthauza mchenga woyera. Masiku ano mchengawo umaoneka apo ndi apo chifukwa nyumba zathinana, mipanda ya njerwa yadya tinjira, ndipo paliponse pamene pali mpata pali kagolosale, chigayo kapena tchalitchi. Dera limeneli la mumzinda wa Mzuzu lasonkhanitsa anthu a ku Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay, Karonga ndi Chitipa, moti pamsika mumamva Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde ndi Chichewa pa benchi imodzi ya tomato. M'mawa kumazizira kwabasi. Akabaza amadikira makasitomala atavala majekete awiriawiri, manja ali m'khwapa.

Ndinakhalako masabata awiri patchuthi cha mu August, kwa achemwali anga. Kusekondale yakumudzi kumene ndimaphunzitsa ndine woyang'anira zamasewero, choncho madzulo miyendo inkanditengera yokha kubwalo la fumbi kumene anyamata amakankha chikopa. Mpira wa kumeneko ndi wothamanga, wopanda mantha. Ena nsapato alibe, ena avala za mnzawo, koma aliyense akudziwa kuti mtunda wochoka pabwalolo kukafika ku Mzuzu Stadium, kumene matimu a Super League amasewera, ndi wa kabaza mmodzi basi. Akudziwanso kuti Gabadinho Mhango, amene anamwetsa chigoli chija dziko lonse linadzuka nacho pamene Flames inkasewera ndi Morocco pa 25 January 2022, anachokera ku Chiweta m'boma la Rumphi, konkuno kumpoto.

Pafupi ndi bwalolo, pansi pa mtengo, pali bambo wina wokonza njinga. Anasewerapo mpira m'ligi ya chigawo zaka zambiri zapitazo, bondo linamukana, ndiye anagwira sipanala. Anyamata onse amamutcha asibweni, kutanthauza amalume. Tsiku lina ndinamupeza atakhazika pansi mnyamata amene timu ina ya Super League yamuitana kuti ikamuyese. Ndinkayembekeza kumva za kathamangidwe ndi kaponyedwe ka mpira. Ayi ndithu. Kwa ola lathunthu mkuluyo sanatchule chigoli ngakhale kamodzi.

“Mwana wanga,” anatero, “mpira ukuudziwa kale, ine sindingakuphunzitse. Amene ndinasewera nawo ine sanathe chifukwa cha mpira. Anatha chifukwa cha zimene ankachita woimbira ataimba wezulo yomaliza.”

Anayamba ndi atsikana, ndipo apa ndi pamene anakhalitsa. Ine monga mphunzitsi ndinatchera khutu kwambiri, poti atsikana amene amakambidwawo ndi omwe ndimawaona m'kalasi. Mnyamata akangovala yunifomu ya timu yaikulu, dzina lake n'kumveka pawailesi Loweruka, amene amayamba kumusekerera ndi ana a Fomu 2 ndi Fomu 3. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loti ukwati uyambire zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kugona ndi mwana ndi mlandu umene chilango chake chachikulu ndi kukhala kundende moyo wonse. Bwalo la milandu silifunsa kuti mtsikanayo anavomera kapena ndiye anayamba kutumiza mauthenga pafoni. Silifunsanso kuti wagoletsa zigoli zingati chaka chino.

“Koma asibweni, ena amaoneka akuluakulu,” anatero mnyamatayo uku akuseka.

“Wapolisi sayang'ana msinkhu, amafunsa makolo ndi ahedi,” anayankha mkuluyo osaseka.

Chimene chimandipweteka ine pa nkhani imeneyi n'chakuti tikaikamba timadandaula za tsogolo la wosewera, ngati kuti mtsikanayo analibe lake. Kusukulu kwathu desiki ikatsala yopanda munthu pakati pa teremu timadziwa chimene chachitika. Makolo ambiri amakambirana pakhomo, mbali ziwiri n'kugwirizana za ndalama, nkhani n'kuthera pomwepo. Mnyamata amapitiriza mpira, mtsikana mayeso a MSCE amangowamva kwa anzake.

Za chamba anazidutsa mwachangu, koma ananena chinthu chimene anyamata ambiri amasokoneza. Amamva kuti boma linaloleza chamba mu 2020. Chimene linaloleza ndi ulimi wa chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala, kwa okhawo amene ali ndi ziphaso. Kupezeka ndi ndudu m'thumba ukadali mlandu. Chimodzimodzi njinga yamoto: ndalama yosainira ikangolowa, choyamba kugula ndi njinga, laisensi palibe, chipewa palibe, kenaka ngozi pamsewu wa M1 usiku atachoka kumowa.

Kenaka anafika pa kubetcha. Mu Mchengautuwa, monga m'madera onse a m'tauni, simuyenda mtunda wautali osaona achinyamata atazungulira foni kapena ataunjikana pakhomo la shopu yobetcherana, timapepala tili m'manja. Kwa wokonza njinga kapena mphunzitsi ngati ine, kubetcha kumangotha ndalama. Kwa wosewera ndi nkhani ina. Malamulo a FIFA amaletsa wosewera kubetcha pa mpira. Ivan Toney, amene panthawiyo ankasewera ku Brentford ku England, anamuletsa kusewera miyezi 8 mu 2023 chifukwa cha zomwezi, ndipo chaka chomwecho Sandro Tonali wa Newcastle anapatsidwa miyezi 10. Awa ndi anthu olandira ndalama zimene ife sitingathe kuziwerenga. Nanga mnyamata wathu amene malipiro ake akuchedwa, lendi yakwana, ndiye munthu wina wamuimbira kuti angolola chigoli chimodzi chilowe? Mkuluyo anati foni yoteroyo ukailandira usayankhe kuti inde kapena ayi, pita nayo kwa akuluakulu a timu tsiku lomwelo, pali mboni.

Mkwiyo wa m'bwalo nawo anaukhudza. Gabadinho yemweyo, ali ku Bidvest Wits mu 2017, analangidwa ndi akuluakulu a ligi ya ku South Africa atalavulira wosewera wa AmaZulu, Michael Morton. Zimenezo zinathera m'manja mwa a mpira ndipo iye anadzuka, mpaka anakhala mmodzi wa awiri omwetsa zigoli zambiri m'ligiyo mu 2020, ndi zigoli 16 ali ku Orlando Pirates. Koma mnzake wa ku Pirates komweko, Thembinkosi Lorch, nkhani yake inakafika kukhoti, ndipo mu 2023 anapezeka wolakwa pa mlandu womenya chibwenzi chake. Chibakera chimodzi, kaya kwa woimbira, kaya kwa mkazi kunyumba, chimachotsa munthu m'manja mwa komiti n'kumuika m'manja mwa apolisi.

Pali nkhani ina imene ife aphunzitsi timaidziwa bwino kuposa asibweni aja, ya zaka zobadwa. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa ali ndi ndevu ndimadzamumva ali m'timu ya osapitirira zaka 17. Kale zinkatheka chifukwa ambiri analibe chikalata chilichonse. Kuchokera mu 2017, pamene bungwe la NRB linalemba anthu m'kaundula n'kupereka zitupa za unzika, tsiku lobadwa linalembedwa penapake. Wodula zaka tsopano ayenera kunama pa chikalata cha boma, ndipo umenewo ndi mlandu wa kukhoti. Amene amamuuza mwanayo kuti adule zaka nthawi zambiri ndi wamkulu wofuna kudyapo, koma dzina ndi chala zimene zili pa pepalalo ndi za mwanayo.

Ndiye pali Joni. Kuno kumpoto, makamaka kwa anthu a ku Mzimba, ulendo wa ku South Africa uli ngati chinamwali. Amabwera munthu wodzitcha ejenti, n'kunena kuti kuli timu ikufuna wosewera, makolo n'kugulitsa ng'ombe. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dzikolo popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo kusewera mpira wolipidwa kumafuna chilolezo chogwirira ntchito. Masiku akatha timu isanaoneke, ejenti foni wazimitsa, mnyamata amasanduka wobisala, ndipo ambiri otere amathera ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, ku Krugersdorp.

Akuluakulu a mumzindawu amakonda kunena kuti Mzuzu Stadium inamangidwa ndi akaidi m'nthawi ya a Kamuzu. Asibweni aja amaigwiritsa ntchito nkhaniyi poopseza anyamata, amati bwalo limenelo ndi ndende zinadziwana kalekale. Anyamata amaseka, koma amamva.

Chondidabwitsa n'chakuti malangizo onsewa akuperekedwa ndi wokonza njinga, mwaulere, kwa yekhayo amene wapezeka pansi pa mtengo tsikulo. Ku America, ligi ya basketball ya NBA inayamba mu 1986 kusonkhanitsa osewera onse atsopano kwa masiku angapo ligi isanayambe, n'kuwaphunzitsa za ndalama, malamulo, atolankhani ndi mabwenzi obwera chifukwa cha kutchuka. Wina anena kuti amenewo ali ndi ndalama. Zoona, koma kuitana wapolisi mmodzi, loya mmodzi ndi wosewera wakale mmodzi kuti alankhule ndi anyamata tsiku limodzi m'holo ya sukulu sikufuna madola. Osewera a Moyale Barracks ku Kaning'ina ali ndi mwambo wausilikali wowagwira. Mnyamata wa timu wamba amachoka kumudzi ali ndi zaka 19, n'kupatsidwa chipinda ndi yunifomu, basi. A FAM ndi a SULOM amafuna zinthu zambiri kwa timu isanapatsidwe chiphaso chosewera m'ligi. Atati aonjezere tsiku limodzi lotereli pa mndandandawo, sindikuona timu imene ingalephere.

Kumbali ina ya bwalo lomwelo kumasewera atsikana, ndipo masiku ano achuluka. Onse akufuna kukhala Temwa Chawinga, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi ya ku America, kapena mkulu wake Tabitha, ana a ku Rumphi. Awa asibweni sawakhazika pansi, mwina chifukwa cha ulemu, mwina chifukwa malangizo awo ndi a mtundu wina. Kwa iwo lamulo si loti aliope koma loti liwateteze. Tabitha mwiniwake anauza nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 kuti ali wamng'ono anamuvula zovala pa masewero kuti aone ngati analidi mtsikana. Ndinafunsa atsikana atatu, atakhala pa mwala akumanga zingwe za nsapato, ngati akudziwa kumene angapite kochi kapena mkulu wa timu atawafuna chibwenzi kuti awaike pa mndandanda wa osewera. Anayang'anana. Mmodzi anati angauze mayi ake. Za ofesi ya Victim Support kupolisi anali atamvapo, koma ankayesa kuti ndi ya maanja omenyana okha, ndipo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana anailemba padzanja ndi cholembera changa.