Buku loopsa la pa Tsoka

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Chisepo, ngakhale kwathu kwenikweni ndi kumapiri a ku Ntchisi. Ndikufuna ndifotokozere anzanga owerenga za buku lina lomwe lidandisowetsa mtendere kwa mwezi wathunthu ndisanaligule n'komwe.

Kumapeto kwa June ndidapita ku Lilongwe kukagula nsapato za mwana wathu woyamba. Nditatsika minibasi ndidalowera pamsika wa kaunjika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Nsapato ndidazipeza msanga. Pobwerera ndidaima pomwe mnyamata wina adayala mabuku pachiguduli: Mabaibulo, mabuku a sayansi othothoka zikuto, mapepala a mayeso akale. Pansi pa mulu padali buku lalikulu lachikuto cholimba, lolemera ngati njerwa. Pachikutopo adajambulapo chilombo cha mapiko ngati a mleme, kukamwa kwake kukulendewera zinthu zangati mizu ya kachere. Dzina lake Call of Cthulhu.

Ndidayamba ndaganiza kuti ndi nthano chabe. Nditatsegula ndidapeza kuti ndi buku la malamulo a masewera. Ndidaima pamenepo mphindi makumi awiri ndikuwerenga, mpaka mwini wake adati, "Akulu, laibulale ili kutsidya uko. Pano timagulitsa." Mtengo adati K15,000. M'thumba mudatsala K22,000, ya transipoti, sopo ndi mchere. Ndidalibweza pamulu.

Mu minibasi yonse mpaka ku Mponela mutu udali pabukulo. Masewera ake amayenda chonchi. Anthu anayi kapena asanu amakhala pamodzi. Mmodzi ndiye wosunga nkhani, amene bukulo limamutcha Keeper. Iyeyu amafotokoza malo ndi zomwe zikuchitika, monga momwe agogo ankayambira nthano. Enawo sakhala ongovomera kuti "tili tonse". Aliyense amatenga munthu wake m'nkhanimo, wina dokotala, wina mtolankhani, wina mphunzitsi, ndipo amanena yekha chomwe munthu wakeyo achite. Luso lililonse la munthuyo lili ndi nambala yake yosapitirira 100. Akafuna kuchita chinthu chovuta, monga kutsegula loko kapena kunyengerera mlonda, amaponya madayisi awiri a mbali khumi. Nambala ikatuluka yofanana ndi luso lake kapena yocheperapo, zatheka. Ikapitirira, zakanika, ndipo nkhani imakhotera kwina. Palinso nambala ya kukhazikika kwa mutu, yomwe imatsika munthu akaona zoopsa, mpaka ena amapenga nkhani isanathe. Palibe wopambana mnzake ngati pa bawo. Onse amapulumuka limodzi kapena kuthera limodzi.

Chomwe chidandikoka ine si zilombozo ayi. Ndi ana anga a Fomu 3. Ana amenewa amaloweza manotsi bwinobwino, koma mukawafunsa funso m'Chingerezi kalasi lonse limayang'ana pansi ngati pamaliro. Amaopa kulakwitsa, amaopa kusekedwa. Ndayesapo mitsutso, koma amayankhula ndi omwewomwewo atatu. Ndiye ndidaganiza kuti mwana amene akuthamangitsidwa ndi chilombo m'nkhani sangakhale ndi nthawi yochita manyazi ndi galamala. Adzayankhula basi, chifukwa akapanda kuyankhula munthu wake adyedwa.

Komanso ife a chigawo chino tili ndi chifukwa cholemekezera buku lakale. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya kwawo, ndipo kuchokera m'menemo adapanga makina amphepo oyatsa magetsi. Sindikunena kuti buku la mizukwa lingayatse babu. Ndikungonena kuti buku lomwe wina adalitaya kutali limatha kudzagwira ntchito kuno yomwe mwini wake sadaiganizire.

Nditafika kunyumba ndidawafotokozera amayi a kunyumba. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adafunsa mafunso awiri okha. Loyamba lidali la ndalama, ndipo lidali loona. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a mphunzitsi amatha mwezi usanafike pakati, ndipo K15,000 ndi ndiwo za masiku angapo. Lachiwiri ndi lomwe lidandikhalitsa chete.

"Inu abambo, mwaiwala kuti kuno ndinu obwera? Mwana mmodzi yekha akakanena kwawo kuti aphunzitsi ali ndi buku la chilombo, akumaitana ana kunyumba n'kumaponya timiyala ta manambala, mawa lake mudzayankha chiyani kwa amfumu?"

Ndidafuna kuseka koma sindidathe. Tonse tikukumbukira za mu September ndi October 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu adaphedwa popanda umboni uliwonse, ena chifukwa chongokhala achilendo m'dera kapena kunyamula chikwama chomwe anthu sadachimvetse, mpaka bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake kwa kanthawi. Lamulo lokhudza ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulo limakhala ku Lilongwe, gulu la anthu okwiya limakhala pakhomo pako. Ndipo mawu akuti "satanic" masiku ano sachedwa kumatidwa pa munthu. Wina akangomanga nyumba ya malata msanga, ayamba kale kunong'onezana. Nanji mphunzitsi wokhala ndi buku lojambulidwa chilombo pachikuto.

Usiku umenewo ndidagula bandulo n'kufufuza mbiri ya bukulo pafoni. Masewerawa adatuluka koyamba mu 1981 ku America, kukampani ya Chaosium, ndipo adawakonza ndi Sandy Petersen. Mtundu wa masewera otere udayamba ndi Dungeons & Dragons mu 1974. Chidandidabwitsa n'chakuti mantha a amayi a kunyumba si a ku Dowa kokha. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi alaliki ena ku America komweko adalimbana nawo masewerawa, kunena kuti amalowetsa ana m'zausatana. Patapita zaka, mkuntho udatha, ndipo ana omwe ankaseweravo adakula n'kukhala anthu wamba ngati wina aliyense. Zidanditonthoza pang'ono, koma pang'ono pokha, chifukwa kumeneko mkangano unkathera pa wailesi yakanema, pomwe kuno umatha kuthera pa nyumba yoyaka moto.

Ndidapezanso china chomwe sichidandisangalatse. Zilombo za m'bukulo zidachokera m'nthano za H. P. Lovecraft, mlembi wa ku Providence amene adamwalira mu 1937 ali wosauka. Nthano yomwe idapereka dzina la masewerawa idasindikizidwa mu 1928. Munthu ameneyu ankanyoza anthu akuda poyera, m'makalata ake ndi m'zolemba zake zina, ndipo m'nthano zake anthu a khungu ngati langa kawirikawiri amaoneka ngati opembedza zilombo kuthengo. Ndidadzifunsa ngati n'koyenera kuti ine, ndi ndalama yanga ya mchere, ndigule zochokera m'mutu wa munthu amene akadandiona sakadandipatsa n'komwe moni. Yankho lomwe ndidadzipatsa ndi lakuti iye adapita kalekale, ndalama yanga ikathera m'thumba la mnyamata wa pa Tsoka, ndipo chomwe ndikufuna m'bukulo ndi malamulo a kaseweredwe. Nthano zake akhale nazo. Sindikunena kuti yankho limeneli ndi lokwanira, koma ndi lomwe ndidali nalo.

Pakati pa July ndidapita kwathu ku Ntchisi kukaona amalume omwe ankadwala mwendo. Iwowa ndi amene adandilera, ndipo ndi amene ankatiopseza ndi nthano tili ana, mpaka tinkakana kutuluka kukataya madzi usiku. Ndidawafotokozera zonse, kuyembekeza kuti andikalipira. Adaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, ndiye azungu adachita kulemba buku kuti aphunzire kuopsezana? Ife tinkangofuna moto ndi mdima."

Kenako adasiya kuseka. Adati mkazi wanga akunena zoona, koma ndalakwitsa pomwe ndikuyang'ana. Nthano zoopsa ankazikamba pabwalo, akulu ali pomwepo, aliyense akumva, ndipo palibe amene ankatchedwa mfiti chifukwa cha nthano. Anthu amayamba kukayika akaona chitseko chotseka. Adati ndikagula, ndiyambe ndakalionetsa kwa ahedi ndi kwa apampando a komiti ya makolo, ndiwamasulire tsamba ndi tsamba ngati afuna, ndipo ndisadzasewere ndi mwana wa munthu m'nyumba kapena dzuwa litalowa. Adandichenjezanso zinthu ziwiri. Za kudambwe ndisazilowetse m'masewera, chifukwa Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndipo si choseweretsa ana a sukulu. Ndiponso m'nkhani zanga musadzapezeke nkhalamba ya m'mudzi yomwe ikusanduka mfiti, chifukwa ana akatuluka pamenepo adzayamba kuyang'ana agogo enieni ndi diso lina. Pamenepa ndidaona kuti amalume, omwe sadapitirire Sitandade 4, adaganiza patali kuposa ine. Nkhani za okalamba omenyedwa kapena kuphedwa powaganizira ufiti timazimva pawailesi chaka ndi chaka.

Ndidawafunsa kuti nanga chilombo ndichitenga kuti. Adati, "Napolo wakuchepera?" Zoonadi. Chinjoka chokhala pansi pa phiri, chomwe chikamasamuka chimagumula miyala ndi kukokolola midzi, monga anthu amanenera za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Malemu Steve Chimombo adachilembera ndakatulo zambiri m'Chingerezi. Chilombo cha Lovecraft chimagona pansi pa nyanja kudikira tsiku lodzuka, chathu chimagona pansi pa phiri, ndipo sichinyoza mtundu wa munthu aliyense.

Malipiro a July atalowa ndidabwerera ku Lilongwe. Kunena zoona, mumtima ndinkalakalaka nditapeza litagulidwa, kuti nkhani ithe yokha popanda ine kusankha. Lidali pomwepo, litangowonjezera fumbi. Mnyamata uja adandizindikira.

"Akulu a laibulale aja! Bukuli anthu akumaliopa, ena akumachita kulambalala. Tengani pa 12."

Ulendo uno ndidaliyendera bwinobwino, monga momwe timayendera malaya a pakaunjika kuyang'ana pomwe pang'ambika. Masamba a kumapeto adanyowapo n'kumatana, ndipo angapo adachita kuthothoka, kuphatikizapo pepala lomwe osewera amalembapo za munthu wawo. Koma mitu yofotokoza malamulo idali yonse. Ndidamuonetsa zothothokazo, tidakambirana, mpaka tidagwirizana K9,000. Ndisanakwere minibasi ndidagula nyuzipepala n'kukutira chikuto chonse, ngati buku la mwana wa Sitandade 1.

Ahedi adalisunga masiku anayi. Pobweza adati sadamvetse zambiri, koma aona kuti muli masamu a maperesenti, ndipo ngati ana angaphunzirepo maperesenti iwo alibe nalo vuto. Apampando a komiti adavuta pang'ono. Adafuna kuona chikuto, ndidavundukula, adachiyang'ana nthawi yaitali. Adafunsa ngati muli mapemphero kapena mawu oti ana azibwereza. Ndidawauza zoona, kuti m'nkhani zake muli anthu oipa ochita zamatsenga, monga zilili m'mafilimu a ku Nigeria omwe ana amaonera m'mavidiyo sho pa tuledingi, koma ine sindidzagwiritsa ntchito mbali imeneyo. Adati adzabwera kudzaonerera okha, ndipo akadzaona chokayikitsa bukulo lidzatuluke m'mudzi tsiku lomwelo. Ndidavomera.

Madayisi a mbali khumi kuno kulibe. Ndidatenga makhadi a juga, kuchotsa mafumu, akazi ndi anyamata, n'kupanga milu iwiri ya 1 mpaka 10, wina woimira makumi, wina woimira manambala aang'ono. Mapepala a osewera ndidajambula ndekha m'kope ndi rula.

Tidasewera Loweruka lapitali, pakhonde, cha m'ma 2 koloko masana. Ana adabwera anayi. Apampando adakhala pampando wa ndalema chapatali, amayi a kunyumba ali pamphasa kusenda mtedza, akuoneka ngati sizikuwakhudza. Nkhani ndidaiika m'chaka cha 1946, m'mudzi wongopeka wa m'tsinde mwa phiri, momwe chitsime chidayamba kulira usiku ndipo mbuzi zikusowa. Lamulo lidali limodzi: munthu wako amamva Chingerezi chokha. Mphindi khumi zoyamba zidali zowawa, aliyense akuyang'ana zala zake. Kenako mnyamata wina adati munthu wake atsikira m'chitsimemo ndi chingwe, adatola makhadi, nambala idapitirira, chingwe chidaduka. Mtsikana wina amene chiyambire Fomu 1 sindidamvepo mawu ake m'kalasi adadzuka n'kuyamba kulamula anzake m'Chingerezi chothyokathyoka kuti wina athamangire nyali, wina akaitane anthu, iye agwira chingwe chotsalacho. Maverebu onse adali olakwika. Sindidamukonze ngakhale limodzi.

Tidalekeza mnyamata uja ali pansi pa chitsime, atamva chinthu chikupuma mumdima. Apampando adanyamuka osanena kuti zili bwino kapena ayi, adangofunsa ngati Loweruka likudzali tiyambenso 2 koloko. Ana atapita, ndikusonkhanitsa makhadi, amayi a kunyumba adafunsa osadzutsa mutu pa lichero lawo.

"Ndiye m'chitsimemo muli chiyani?"

Ndidawauza kuti ngati akufuna kudziwa atole makhadi awiri. Adati mtedza sunathe.