Kagalimoto Kanga ndi Kalata Yosafika

Ndikufuna kukusimbirani chimene chinandigwera, kuti wina asagwe m'dzenje lomwelo.

Nditapuma ntchito ndinagula kagalimoto kakang'ono kakale, ka mtundu uja wochokera ku Japan, umene utsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe. Ine ndinali mwini wake wachinai. Poyamba kanayenda bwino, ndipo anthu a pa Mauwa anakondwera nako, pakuti kananyamula odwala ndi chimanga chomwe. Koma patapita miyezi kanayamba kunjenjemera ponyamuka, makamaka pa chitunda. Ine ndinati mumtima, "Nkukalamba chabe," ndipo sindinasamale.

Tsono usiku wina wa mvula mwana wanga wamkazi anamva zowawa za kubala. Tinanyamuka kunka ku chipatala cha ku Nguludi. Tili pakati pa njira, injini inalira kwambiri, koma matayala osasuntha. Mkazi wanga anayamba Korona, ine ndili kutuluka thukuta. Mulungu anatichitira chifundo: panadza galimoto yina, natitenga. Mdzukulu wanga anabadwa m'bandakucha, wamoyo.

Makaniko wa ku Limbe atatsegula giyabokosi anapukusa mutu. Anati, "Bambo, m'kati muno mulibe magiya a mano ngati a lole. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mawilo awiri, ndipo afuna oilo wakewake. Inu munathira wanji?" Ndinachita manyazi, pakuti ndinali kuthira wotsika mtengo wa pa msika. Kunjenjemera kuja kunali kulira kwa kagalimoto, ine osamva.

Iye anandiuzanso chinthu china chimene sindinachidziwe. Opanga magalimoto akapeza chilema choopsa, alembera eni ake makalata kuti abweze galimoto ikakonzedwe kwaulere. Chotero zinachitika ndi matumba a mpweya a kampani ya Takata, aja afufuma pa ngozi kuti atchinjirize woyendetsa. M'kati mwao munali mankhwala a ammonium nitrate, achibale a feteleza wathu, amene aonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Ndipo thumba pophulika linaponya zidutswa za chitsulo kumaso kwa munthu. Anafa anthu oposa 20, ku America kokha anaitanitsa matumba oposa mamiliyoni 60, ndipo kampaniyo inagwa m'chaka cha 2017.

Koma taganizani, abale: kalata yotere inka kwa mwini wake wa ku Japan. Nanga ndani adzaifikitsa pa Mauwa? Palibe. Chifukwa chake inu muli ndi galimoto yotere, lembani nambala ya chasisi, mupite nayo kwa ogulitsa mtundu umenewo ku Blantyre, mufunse ngati inaitanidwapo. Ndipo ikayamba kunjenjemera, musadikire usiku wa mvula monga ine. Lamulo lachisanu liletsa kupha. Litilamulanso kusamala moyo wa iwo amene tiwanyamula.

Ndikamuona mdzukulu wanga ali kukwawa pa khonde, ndikumbukira chitunda chija, ndipo ndithokoza Ambuye amene sanandilange monga mwa kusasamala kwanga. Mundikumbukire m'mapemphero anu.